Ndinaponyetsa Atate Dayisi Kuti Akumbuke Njira ya Kwawo

Ndinawalakwira atate anga ondibereka chifukwa cha kadayisi kapulasitiki, inu owerenga, ndipo ndati ndikuuzeni mmene zinayendera kuti wina asadzapunthwe pomwe ndinapunthwa ine. Sindinawatukwane, sindinawamane chakudya, sindinawakalipire n'kamodzi komwe. Ndinangotsata malamulo a masewera, ndipo vuto linali pomwepo.

Ine ndine mayi wa ku Matero, wobadwira mu Lusaka momwemuno, ndipo ndili ndi kasaluni ka tsitsi pafupi ndi msika. Zimenezi zinachitika nthawi ija kwacha inkagwa tsiku ndi tsiku, unga ukukwera mtengo, malaiti akuzima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Saluni yopanda malaiti ndi chipinda cha magalasi chabe. Makasitomala anga anayamba kulukana okhaokha m'makonde mwawo. Amuna anga, ba Mwansa, Mbemba wa ku Kopala, amayendetsa minibasi ya munthu, koma mafuta atadula mwini wake ankaiimika masiku ambiri. Mng'ono wanga Misozi anali atamaliza sukulu, ntchito osaoneka. Tonse tinangoti mbwee pakhomo, kuyang'anana.

Ndiye ndinakumbukira masewera ena omwe ndinaphunzira kwa anzanga ku koleji komwe ndinasiyira panjira. Si nsolo, si ludo, ndipo palibe wopambana mnzake. Munthu mmodzi amayendetsa nkhani: amafotokoza dziko longopeka, mitsinje yake, achifwamba ake, zilombo zake. Ena onse aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nkhanimo, ndipo amanena zomwe munthuyo akufuna kuchita. Ngati chinthucho n'chokayikitsa, woyendetsa amati ponya dayisi. Dayisi yake ndi ya mbali makumi awiri. Ikagwa pa nambala yaikulu zatheka, ikagwa pa yaing'ono zakanika. Timaponya pa zaluso, monga kukwera khoma kapena kutsegula loko popanda kiyi, komanso pa zodziwa, monga ngati munthu wako akuzindikira mtengo wapoizoni kapena chilankhulo cha alendo.

Woyendetsa ndinali ine, nanga akanakhala ndani? Tinkasewera Lamlungu masana tikaweruka ku tchalitchi, pakatebulo pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Ba Mwansa anasankha kukhala mbava, zomwe sizinandidabwitse, ndipo Misozi anakhala sing'anga wa zitsamba. Amayi ena oyandikana nafe, opemphera kwambiri, anabwera kudzasuzumira ngati sitikutchova juga kapena kuitana mizimu. Atapeza akuluakulu atatu akukangana za bulu yemwe kulibe, anabwerera akupukusa mutu, n'kutilonjeza kuti atipempherera.

Atate tinkakhala nawo. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa malole, ndipo kunalibe msewu wa m'Zambia muno womwe sanaupondepo. Anali munthu wa nkhani, woti akayamba kufotokoza za ulendo wa ku Nakonde tiyi amazizira m'makapu. Kampani yawo itatsekedwa anakhala ku komboni ya George ndi amayi. Amayi atamwalira, sitiroko inawagwetsa, ndiye tinawatenga. Mwendo unachira, pakamwa panabwerera pang'onopang'ono, koma m'mutu munatsala mipata. Ankaiwala komwe aika chipewa, ankaiwala mayina a anzawo a ku kwaya.

Lamlungu lina anatsogola kuchoka ku tchalitchi, ati akufuna kukapuma. Ife titafika kunyumba sitinawapeze. Tinazungulira Matero yense, ine mtima uli m'mwamba, mpaka mayi wina wogulitsa tomato yemwe ankawadziwa anawabweretsa atawagwira dzanja. Anawapeza ku komboni ya Lilanda ataima pamphambano, akuyang'ana uku ndi uku, akuchita manyazi kufunsa njira. Munthu woti ankafika ku Chipata osafunsa aliyense! Kuchokera tsiku limenelo anasiya kutuluka, anasiyanso kulankhula. Ankangokhala pampando pafupi ndi chitseko cha kuseri, manja ali pamaondo. Ukawafunsa kanthu amayankha ndi mutu. Ine zinkandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkaona kuti atate akundichokera ali moyo.

Mpando wawowo unali pafupi ndi katebulo kathu. Ife tinkayesa samvetsera. Tsiku lina ba Mwansa anati mbava yawo iwoloka mtsinje wodzaza itasenzetsa bulu katundu yense, ndipo tinangomva mawu kuchokera kuchitseko akuti munthu wanzeru amayamba watsitsa katundu, n'kuyesa madzi ndi ndodo. Tinatembenuka tonse. Misozi, yemwe ndi wachangu kuposa ine, anathamanga kukatenga mpando wawo n'kuuika pafupi ndi tebulo, iwo akukana ndi pakamwa koma miyendo ikubwera.

Nditawafunsa kuti akufuna kukhala munthu wotani, sanachedwe. Anati akufuna wolondolera njira, woyenda maiko onse, wosasochera. Dzina anamupatsa okha, Jeke, ati chifukwa lole ikagwa m'mavuto chomwe umayamba kufuna ndi jeke. Tinaseka mpaka misozi. Anatiuzanso kuti Jekeyo kwawo ndi kutsidya kwa dambo lalikulu, m'mudzi wa pansi pa phiri, ndipo sanapiteko kalekale.

Abale, atate anabwerera. Lamlungu ankasamba m'mamawa, kuvala jekete lawo la ku kwaya, n'kukhala patebulo ife tisanatsuke mbale. Mkati mwa sabata ankandifunsa kuti lero n'lachingati, ndipo ndinkadziwa chomwe akuwerengera. Ba Mwansa ankawaitana kuti ba Jeke ngakhale pa chakudya, iwo n'kumayankha kuti mbava isakhale pafupi ndi ndiwo. Akaiwala zomwe zinachitika m'nkhani sabata yatha, Misozi ankawakumbutsa mwanzeru ngati akudzikumbutsa yekha. Mawu awo ankatuluka mochedwa, koma tinkadikira, ndipo ankafika.

Tsono ndikuuzeni za ine. Mutu wanga ndi wouma, ndipo ndikagwira lamulo sindilisiya. Ndinkaponyetsa anthu dayisi pa chilichonse. Ukafuna kuyatsa moto, ponya. Ukafuna kudziwa ngati kukubwera mvula, ponya. Ba Mwansa ankati tsiku lina ndidzawaponyetsa kuti ayetsemule. Ine ndinkanyadira zimenezo, ndinkati dayisi ilibe m'bale, siiona kuti uyu ndi mwamuna wanga kapena uyu ndi bambo anga. Ndinalinso ndi chizolowezi china: munthu akalephera, ndinkafotokoza kulepherako monyoza, mokometsera, kuti tonse tiseke. Mbava ya ba Mwansa inagwerapo m'chimbudzi chokumba, ndipo nkhani imeneyo inatisangalatsa mwezi wathunthu. Atate dayisi inkawakonda, ndiye sindinaganizepo kuti tsiku lawo likadzafika zidzamveka bwanji.

Linafika kumayambiriro kwa mvula. M'nkhani muja achifwamba anali atathamangitsa Jeke ndi anzake mpaka kulowa m'dambo lalikulu lija, ndipo anafika pomwe njira zinagawikana. Atate anawongola msana, nkhope ikuwala, n'kunena kuti apa musade nkhawa, kuno ndi kwathu, Jeke akutengerani kunyumba kwa amayi ake mukadye. Ndinkaona ndithu kuti akhala akuyembekezera malo amenewa kwa nthawi yaitali. Ine, m'malo mongoti tsogolani, ndinakankhira dayisi patsogolo pawo. Ndinati aponye tione ngati Jeke akuikumbukira njira.

Misozi anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinachotsa phazi langa, n'kumuyang'ana ndi diso loti usandiphunzitse ntchito. Atate anatola dayisi ndi dzanja lawo labwino lija, anaiponya, inagubuduka, inagunda kapu, n'kuima pa wani. Nambala yotsikitsitsa.

Inu owerenga, pakamwa panga panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinasintha mawu monga ndimachitira, n'kuyamba kufotokoza kuti Jeke waima pamphambano, wayang'ana kumanja, wayang'ana kumanzere, wakanda m'mutu, m'mutumo muli mbee, katswiri wa njira zonse sakudziwa njira ya kwawo. Ba Mwansa anayamba kuseka mwachizolowezi, koma kuseka kuja kunafera pakhosi. Pomwe ndinadzutsa maso n'kuti atate akundiyang'ana. Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino. Anangofunsa motsitsa mawu:

"Naye Jeke?"

Anaika manja patebulo, anadzuka pang'onopang'ono, analowa m'nyumba. Jekete lija analivula n'kulipachika kuseri kwa chitseko.

Mukuganiza kuti ndinathamangira kukapepesa? Ayi ndithu. Ndinayamba kudziteteza. Misozi atandikalipira kuti ndilibe mtima, ndinamuyankha kuti sindine ndinagwetsa dayisi pa wani, ndipo ngati tiyamba kukondera ndiye masewera atha. Tinakangana mpaka anapita kukagona kwa mnzake ku Chaisa. Ndinkadziuza kuti atate aiwala, nanga si amaiwala zinthu zambiri. Imeneyi ndiyo mfundo yonyansa kwambiri yomwe inabwerapo m'mutu mwanga, ndipo ndikuchita manyazi kuilemba. Chipewa ankaiwala, mayina ankaiwala, koma zimenezi sanaiwale. Lamlungu lotsatira sanatuluke. Mpando wawo anaulowetsa m'chipinda, ndipo anabwerera ku kuyankha ndi mutu kuja.

Nditaona kuti zafika poipa, ndinalakwitsanso kachiwiri. Ndinawapititsira tiyi, n'kuwauza mwansangala kuti ndaganiza zoti iwo asamaponyenso dayisi, chilichonse chomwe Jeke afuna chizingotheka. Ndinkayesa ndawapatsa mphatso. Anandiyang'ana, n'kunena kuti:

"Waona kuti ndatha eti, mwana wanga? Ufuna uzindinyengerera ngati khanda loti lisalire?"

Tiyi uja sanamwe. Ndinatuluka naye, n'kukalirira kuseri kwa nyumba ngati mwana wasukulu.

Amene ananditsegula maso ndi ba Mwansa, ndipo sanachite dala. Tsiku lina tikuchapa, ine ndikudandaula kuti sindikudziwanso chochita, poti dayisi ikakhalapo ikuwapweteka, ikachoka ikuwanyoza, iwo anangoti m'chinyanja chawo cha m'tauni: "Ine nikanyamuka pa Matero kuyenda mu Town, sinifunsa munthu njira. Chamene siniziba ni chakuti pa njira nizapeza chani." Anapitiriza kufinya malaya, osadziwa kuti anena kanthu. Ine ndinaima ndi sopo m'manja. Ndinazindikira kuti vuto silinali dayisi, ndipo silinali wani uja. Vuto linali funso langa. Ndinafunsa dayisi chinthu chomwe sichinali chokayikitsa n'komwe. Munthu wobadwira kutsidya kwa dambo amaidziwa njira ya kwawo, basi. Chokayikitsa n'chakuti mtsinje wadzaza kapena ayi, afika kusanade kapena ayi, achifwamba awapeza kapena ayi. Ndiponso ndinadzifunsa kuti wani ujayo anapindulira chiyani nkhani yathu. Palibe. Anangoimitsa anthu pamphambano n'kuchititsa manyazi munthu mmodzi.

Ndinalowa m'chipinda mwawo, ndinagwada monga anandiphunzitsira amayi, chinthu chomwe ndinali nditasiya kalekale poti ndife a m'tauni. Ndinawauza kuti ndinalakwa kawiri, ndipo ndinatchula zolakwazo chimodzichimodzi. Ndinati Jeke sanaiwale njira, ine ndi amene ndinafunsa funso lopusa. Ndinati lamulo ndalisintha kwa aliyense, osati kwa iwo okha: chomwe munthu wako amachidziwa chifukwa cha komwe anabadwira kapena ntchito yake, amachidziwa popanda kuponya, ndipo dayisi izibwera pokhapokha pali choopsa chenicheni. Anangondigwira pamutu pang'ono, n'kuchotsa dzanja.

Sanabwere Lamlungu limenelo, ngakhale lotsatira. Misozi anabwerera, tinagwirizana, ndipo tinasuntha katebulo kufika pansi pa windo la chipinda chawo, ati kuthawa matope. Ine ndinkafuna kupitiriza nkhani kuti ndione ngati lamulo latsopano likuyenda, koma ba Mwansa anakana kwamtuwagalu. Anati mbava yawo sichoka pamphambano popanda ba Jeke, ndipo Misozi anati sing'anga wakenso sachoka. Choncho anthu a m'nkhani aja anamanga msasa pomwepo. Ankasaka nyama, ankathamangitsa afisi, ankakangana za mchere. Sing'anga wa Misozi ankazindikira zitsamba osaponya, mbava inkazindikira loko wabodza osaponya, ndipo ba Mwansa ankazinena zimenezo mokweza kwambiri, moti ngakhale a nyumba yachitatu ankamva. Nthawi ndi nthawi ankafuula kuti kodi ba Jeke adzuka, ine n'kuyankha kuti akadagona. Zinatero nyengo yonse ya mvula.

Mvula itayamba kukata, Lamlungu lina ba Mwansa anati mbava yatopa, ingolowera kumanja ione zomwe zichitike. Sindikudziwa ngati anali ndi cholinga kapena anatopadi. Kuchokera pawindo tinamva mawu:

"Kumanzere, apongozi. Kumanja kuli matope."

Tinamva mpando ukukokedwa, kenaka chitseko, ndipo anatulukira atavala jekete, mabatani atalowa molakwika. Palibe anawakonza. Atakhala pansi ndinati Jeke akuidziwa njira, atiuze mmene ikuonekera. Anayamba pang'onopang'ono. Anati mudutsa pa mtengo wa mlambe wong'ambika, kenaka pali chitunda chomwe lole yolemera imafuna giya yoyamba. M'dziko lathu longopekalo munalibe malole, koma ndani akanatsutsa? Anafotokoza mlatho wautali, amayi ogulitsa nsomba zouma m'mbali mwa msewu, mapiri okhotakhota. Misozi anandiyang'ana, maso atalengeza misozi, poti tonse tinazindikira msewu wa kum'mawa wopita kwawo kwenikweni, komwe ankatitengera tili ana.

Atafika pa mtsinje womaliza ndinati wadzaza, ndipo apa panali pofunikadi kuponya. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anali atatambasula kale dzanja. Anaponya, inagwa pa nambala yaing'ono. Ndinanena kuti Jeke wawolotsa anthu onse pamalo osaya omwe amawadziwa yekha, koma madzi akokolola bulu pamodzi ndi mapoto onse. Atate anaseka, kuseka kwawo kwakale kogwedeza mapewa, mpaka kutsokomola. Anati bulu ameneyo anali wamwano kuyambira kale, ndipo mbava ndi imene isenze katundu.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Nyengo yozizira itafika, matenda aja anabweranso, ndipo ulendo uno anatenga zambiri. Nkhani zazitali zija zinatha. Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti miyezi ya mvula ija, yomwe anakhala m'chipinda chifukwa cha pakamwa panga, inali yomaliza yomwe akanatha kutifotokozera misewu yawo yonse. Ndinawalanda miyezi imeneyo, ndinadzilandanso ndekha, ndipo palibe dayisi yomwe ingaibweze. Zimandiwawa mpaka lero.

Ndiye inu amene mumayendetsa masewera otere, kaya ndi ku Kanyama, ku Mtendere kapena kwina kulikonse, ndimvereni ine amene ndinapsa. Musanauze munthu kuti ponya, dzifunseni ngati chinthucho n'chokayikitsadi, ndipo ngati kulephera kwake kupititse nkhani patsogolo kapena kungomuumitsa munthu pakamwa. Chomwe munthu wake ayenera kuchidziwa, mpatseni, ndipo ngati n'kotheka musiyeni achinene yekha. Dayisi ikagwa moipa, atayitseni bulu, anyowetseni, achedwetseni, koma musawalande chomwe anabwerera patebulo. Musachotsenso dayisi chifukwa cha chisoni, munthu wamkulu amaona. Koposa zonse, yang'anani nkhope za anthu omwe mwakhala nawo. Aliyense amasankha munthu wa m'nkhani pa chifukwa chake, ndipo ine ndinali ndi maso koma sindinafunse kuti n'chifukwa chiyani bambo wosochera anasankha kukhala wosasochera.

Timasewerabe Lamlungu masana. Atate timawatulutsa atagwira mkono wa ba Mwansa, n'kuwakhazika pamalo awo. Dzina langa linawathawa, masiku ena amandiyesa mlongo wawo. Koma anthu a m'nkhani akafika pomwe njira zagawikana, ndimatembenukira kwa iwo n'kufunsa kuti ba Jeke, tilowere kuti. Amakweza chala pang'onopang'ono n'kuloza, ndipo komwe aloza ndi komwe timapita.